Mthuthuthu Wakonzedwa, Nanga Mwini Wake?

Mwezi wa Seputembala ukamapita kumapeto, pamene misewu ya fumbi yauma gwa ndipo timitsinje tambiri taphwa, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa kunyanja amayamba kuona njinga zamoto zikudutsa zitasenza katundu wofika m'khosi mwa woyendetsa. Ena mwa apaulendo amenewa akukagula usipa ku madooko a ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Ena akulondola mpunga wa Kilombero ku Karonga, ndipo ena ndi anyamata a kabaza amene apezako mpata woti akazonde makolo kumudzi. Pamakhalanso alendo ochokera ku maiko akutali, okwera njinga zikuluzikulu, amene amakamanga mahema awo pa mchenga wa ku Kande kapena ku Chitimba. Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: ulendo wawo sutha tsiku limodzi, ndipo dzuwa likalowa amagona pomwe mdima wawapezera.

Munthu wokonzekera ulendo wotere amayamba ndi njinga, ndipo salakwa. Amapita nayo kwa makaniko, amasintha oyilo, amakunga tcheni, amagula pulagi yapadera. Akatero amawerengera ndalama za petulo ndi za malonda, kenaka n'kumanga matumba. Pofika poti aganizire za thupi lake, malo pa keliyala atha, ndalama nazo zatha. Chisoti chimatsala pa msomali chifukwa chimatentha, chigubu cha madzi chimatsala chifukwa chimalemera, neti imatsala chifukwa ati masiku atatu okha sangadwalitse munthu. Kakonzedwe kameneka n'kozondoka. Njinga ikafa pa njira amaikankha mpaka pa sitolo yapafupi, mawa lake n'kudzuka. Mutu wa munthu ulibe sipeyala. Chifukwa chake katundu wosunga thupi ayenera kuyamba kukwera pa njinga, ndipo malonda akwere pa malo amene atsala.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, n'koyenera kuyang'ana njira imodzi yodziwika. Munthu wochoka ku Lilongwe kupita ku Karonga kudzera kunyanja amatsikira ku Salima, n'kutsata msewu wa M5 kudutsa Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche mpaka ku Nkhata Bay. Kuchoka apo amakwera chitunda kufika ku Mzuzu, kenaka amatenga msewu wa M1 n'kutsetsereka mapiri a Chiweta kubwereranso m'mbali mwa nyanja. Onse pamodzi ndi makilomita oposa 600. Pa njinga yaing'ono yolemedwa, woyenda mwanzeru amatha masiku awiri kapena atatu. M'masiku amenewo thupi lake limakumana ndi dzuwa la m'chigwa, mphepo ya kumapiri, udzudzu wa m'madambo, ndi madzi akumwa a m'malo amene sakuwadziwa. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi katundu wake woyenera kunyamula.

Chisoti

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni adafa pa ngozi za pamsewu, ndipo pa anthu 5 alionse mmodzi kapena kuposerapo adali wokwera njinga yamoto kapena kagalimoto ka matayala atatu. Chimene chimapha ambiri mwa okwera njinga ndi kuvulala m'mutu. Kafukufuku wa madokotala adaonetsa kuti chisoti chovalidwa bwino chimachepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndipo chimachepetsa kuvulala m'mutu ndi magawo pafupifupi 69 pa 100. Palibe chinthu china chimene munthu angamange pa njinga chokhala ndi phindu lofika pamenepa. Madokotala odziwa kuchita opaleshoni ya m'mutu ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo amapezeka ku zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Munthu wogwa pakati pa Dwangwa ndi Chintheche ali kutali nawo kwambiri.

Okana chisoti ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zimene zili zopanda pake. N'zoona kuti m'mwezi wa Okutobala chisoti chimatentha, ndipo thukuta limatsikira m'maso. N'zoonanso kuti chisoti chabwino n'chodula. Koma mutu wosavala kanthu umawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo mwini wake amatopa msanga kusiyana ndi wovala chisoti cha mtundu woyera chokhala ndi timabowo tolowera mphepo. Kunena za mtengo, petulo wa ulendo womwewo amatha pamene chisoti chimakhala zaka. Amene wakwanitsa kugula njinga koma akuti chisoti chamukanika, ndiye kuti sadamalize kugula njingayo. Lamulo la pamsewu nalo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse avale.

Komabe si chipewa chilichonse cholimba chimene chili chisoti cha njinga. Chipewa cha anthu omanga nyumba chidapangidwa kuti chitchinge njerwa yogwa kuchokera pamwamba. Munthu akagwa pa liwiro chimathothoka asanafike pansi. Chisoti chenicheni chimakhala ndi thovu lolimba, lochindikala mkati mwake, ndipo thovu limenelo ndilo limalandira nkhonya m'malo mwa ubongo. Likaphwanyika kamodzi silibwereranso, kotero chisoti chimene chidamenyekapo kwambiri pa ngozi chatha ntchito ngakhale kunja chikuoneka chosalala. Chiyenera kugwira mutu osagwedera, ndipo lamba wake amangidwe kunsi kwa chibwano kuti pangolowa zala ziwiri. Chisoti chosamanga lamba, kapena chokolekedwa pa chigongono kudikira pamene pali apolisi, chimapulumutsa ndalama za chindapusa basi.

Zovala nazo zimavutitsa m'chilimwe, pakuti kutentha kumanyengerera munthu kuti ayende ndi malaya opyapyala ndi patapata. Phula la msewu limasenda khungu ngati mpeni wosendera chinangwa, ndipo chilonda chotere, chodzaza mchenga, chimachedwa kupola. Buluku lochindikala, jekete la manja aatali, magolovesi ndi nsapato zophimba akakolo ndizo zoyenera, ndipo jeketelo lidzathandizanso usiku wa ku Mzuzu, kumene kumazizira ngakhale m'nyengo yotentha chifukwa mzindawo uli pamwamba. Wokwezedwa asamale ndi ekizozi, imene imaotcha mwendo nthawi yomweyo, ndipo mayi wovala chitenje achikwinye bwino kuti chisakodwe mu tcheni kapena mu masipoko. Maso atchingidwe ndi galasi la chisoti. Kachilombo kamodzi kolowa m'diso pa liwiro kamakwana kugwetsa munthu.

Madzi

Mdani wa woyendetsa njinga m'chilimwe amene anthu samuwerengera ndi ludzu. Munthu wolima amaona thukuta likuyenderera, ndipo amadziwa kuti afunika kumwa. Wa pa njinga saliona, popeza mphepo imaliumitsa likangotuluka. Iye amamva ngati kwazizira bwino, chonsecho thupi lake likutaya madzi, mwina okwana lita yathunthu pa ola limodzi dzuwa likakhala pa liwombo. Madzi akachepa m'thupi, choyamba kufooka si miyendo ayi, koma maganizo. Munthu amachedwa kuona dzenje, amachedwa kugwira buleki, amayamba kusinza maso ali chipenyere. Ngozi zina zimene anthu amati zadza ndi tsoka, kapena amanamizira mfiti za kumudzi, zimakhala kuti zidayamba maola atatu m'mbuyomo pamene woyendetsa adadutsa pa mjigo osaima.

Chizindikiro chosavuta kuona ndi mkodzo. Ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi. Mutu kupweteka, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo ndi zizindikiro zakuti munthu aime pa mthunzi, amasule zovala, amwe pang'onopang'ono, ndipo asakwerenso mpaka atapeza bwino. Koma mnzake wa paulendo akayamba kulankhula zosokonezeka, kudzandira kapena kukomoka thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala msangamsanga. Podikira thandizo amugoneke pa mthunzi, amuthire madzi thupi lonse ndi kumukupiza. Munthu wokomoka sapatsidwa chakumwa, pakuti chikhoza kulowa m'mapapo.

Chigubu cha malita 5 chimalemera makilogalamu 5, ndipo amenewa ndi makilogalamu oyenera kuyamba kuwerengedwa. Botolo laling'ono likhale pofikira dzanja kuti pa kupuma kulikonse munthu amwe asanamve ludzu. Wina anganene kuti kunyamula madzi poyenda m'mbali mwa nyanja yaikulu chotere n'kupusa. Wotero akumbukire kolera imene idayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022. Mliri umenewo sudadikire mvula monga kolera imachitira zaka zambiri. Udafalikira m'miyezi yachilimwe, udakantha kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo pofika m'chaka cha 2023 udali utapha anthu oposa 1,700. Madzi a m'nyanja, a mumtsinje kapena a pa chitsime chosatetezedwa ayenera kuwiritsidwa mpaka atabwadamuka, kapena kuthiridwa mankhwala a kolorini monga WaterGuard ndi kudikira mphindi 30. Kabotolo ka mankhwalawa kamalowa m'thumba la jekete. Sopo naye salemera.

M'kathumba komweko mukhale mapaketi angapo a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo munthu wotsekula m'mimba amwe kosalekeza ali pa njira yopita ku chipatala. Mapaketi akasowa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zimathandiza. Mchere ukachuluka umaononga, choncho muyeso usamaganiziridwe ndi maso. Kunena za kamba, makolo adadziwa kale zoyenera: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata yootcha, nthochi. Zimenezi sizisasa ndi dzuwa. Ndiwo zophika dzulo zimene zakhala m'kontena pa keliyala tsiku lonse la Okutobala n'zokayikitsa, monganso nsomba yozizira ya pa msika imene ntchentche zaimbirapo kuyambira m'mawa.

Nthawi yoyendera ndi mbali ina ya kukonzekera, ngakhale siimangidwa pa njinga. M'chilimwe ulendo wabwino umayamba kukangocha, n'kuima dzuwa likamafika pamutu, n'kupitiriranso likapendeka, ndipo umatha kusanade. Usiku msewu wa kunyanja umadzaza ndi njinga zakapalasa zopanda nyali, ngolo, mbuzi, ndi anthu ochokera ku msika, ndipo m'malo ena muli maenje ndi milatho yopapatiza. Pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri woyendetsa atsike awongole msana. Mowa ulibe malo pa ulendo wotere, ngakhale botolo limodzi loti n'kuphera ludzu, chifukwa umachedwetsa maganizo ndiponso umatulutsa madzi m'thupi. Mankhwala ena a chimfine ndi a ziwengo, monga Piriton, amagonetsa. Wopita pa ulendo afunse ku chipatala asanamwe.

Pogona

Pa katundu yense, neti ndiyo imatsala kawirikawiri, chonsecho ndiyo yopepuka kuposa zonse. Anthu ambiri amaganiza kuti malungo ndi matenda a dzinja lokha. Kumtunda udzudzu umachepadi m'chilimwe, koma m'mbali mwa nyanja, m'madambo a mpunga ndi m'minda ya mizimbe yothiriridwa ya ku Dwangwa, madzi satha ndipo udzudzu sutha. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, makamaka pamene munthu wagona tulo tofa nato chifukwa cha kutopa, atavula malaya kuti apitidwe mphepo. Kulumidwa kamodzi n'kokwanira. Hema wokhala ndi sefa ya udzudzu ndi wabwino kwa amene angamupeze, koma neti yonyikidwa m'mankhwala, chingwe ndi mkeka zimagwira ntchito yomweyo. Neti imamangidwa ku nthambi mbali ina, ku chiwongolero cha njinga mbali inayo, ndipo m'mphepete mwake amapisa kunsi kwa mkeka kuzungulira konse. Wogona m'nyumba ya alendo yotsika mtengo aigwiritsenso ntchito, pakuti neti za m'malo otere nthawi zambiri zimakhala zobooka.

Pano pali chinthu chofunika kuchinena mosabisa. Neti ya pa ulendo isakhale imene yamasulidwa pa bedi la ana kapena la mayi woyembekezera. Neti zimene Boma limagawa ku sikelo zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi amene malungo amawapha msanga kuposa wina aliyense. Bambo wonyamuka ndi neti ya m'nyumba, n'kusiya mwana wa zaka ziwiri ali pa mtetete sabata yathunthu, wangosamutsa matenda kuwachotsa pa iye kuwaika pa mwana. Ngati m'nyumba mulibe neti yapadera, igulidwe, ndipo mtengo wake ulembedwe pamodzi ndi wa petulo.

Malo ogona asankhidwe dzuwa likadalipo. Mlendo wanzeru amayamba waonekera kwa nyakwawa kapena kwa mwini malo, chifukwa safunsa adadya phula: eni mudzi ndiwo amadziwa dooko limene kumatuluka ng'ona, njira imene mvuu zimadzera usiku, ndi malo amene kuli akuba. Pa khwawa louma sagonapo, pakuti mvula ya chizimalupsa ikagwa kumapiri madzi amafika mwadzidzidzi kumene sikudagwe n'dontho lomwe. M'udzu wautali wouma namo sagonamo chifukwa cha moto wa m'tchire ndi njoka. Moto wophikira usonkhedwe kutali ndi njinga, ndipo uzimitsidwe ndi dothi asanagone. Mbaula isalowe mu hema kapena m'chipinda chotseka, ngakhale makala ataoneka ngati azilala. Mpweya wake sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. M'mawa nsapato zikutumulidwe zisanavalidwe. Kumene kulibe chimbudzi, wapaulendo akumbe kadzenje kutali ndi madzi, akwirire, asambe m'manja ndi sopo. Mlendo wosiya chimbudzi poyera pa mchenga wa eni ake wawalipira moipa anthu amene amusunga.

Munthu amene wakhala pa njinga tsiku lonse akaona nyanja, mtima umafuna kudziponyamo. Pamenepo mpamene pali likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono zokhala m'madzi odekha, makamaka mwa mabango ndi pafupi ndi midzi, ndipo timalowa pa khungu popanda munthu kumva kanthu. Madzi a pa mjigo ndiwo oyenera kusamba. Amene wasamba m'nyanja, kapena wakhala akuyenda m'madzi pogula nsomba, adziwe kuti zizindikiro zimachedwa, mwina masabata mwina miyezi, ndipo akaona magazi mu mkodzo apite ku chipatala kumene kuli mankhwala ake otchedwa praziquantel.

Palinso kashembe, ntchentche yoluma masana imene imafalitsa matenda a kaodzera. Imapezeka m'nkhalango zosungira nyama ndi m'midzi yozungulira, makamaka ku Nkhotakota ndi ku Vwaza m'boma la Rumphi. Msewu wochokera ku Kasungu kupita ku Nkhotakota umadutsa m'kati mwa nkhalango yotere. Kashembe amakopeka ndi chinthu choyenda ndiponso ndi nsalu yakuda kapena yabuluu, kotero wa pa njinga wovala jekete lakuda ali ngati wamuitana. Zovala zotuwa kapena za khaki, zochindikala, zophimba mikono ndi miyendo, ndizo zoyenera kumeneko.

Kulemera kwa katundu

Tsono katundu wa thupi akakwera, funso limatsala lakuti malonda akwere ochuluka bwanji. Njinga iliyonse ili ndi malire a kulemera amene adalembedwa m'buku lake, ndipo pa njinga zing'onozing'ono zimene zafala m'midzi malirewo kawirikawiri amakhala cha m'ma makilogalamu 150, kuphatikizapo anthu okwera. Woyendetsa wa makilogalamu 65, mnzake wa 60 ndi thumba limodzi la mpunga la 50 afika kale pa 175, chigubu chisanakwere. Njinga yolemedwa imayenda ndithu, ndipo n'chifukwa chake anthu amanyengeka. Chimene imalephera ndi kuima. Mabuleki amatentha, matayala amafewa pa phula lotentha, ndipo mtunda woimira umatalika. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umenewo umawirikiza kanayi.

Kamangidwe nako n'kofunika monga kulemera komwe. Zolemera zikhale pansi ndi pafupi ndi msana wa woyendetsa, zogawidwa mofanana mbali zonse ziwiri. Zopepuka monga mkeka ndi bulangete zikhale pamwamba. Katundu wolemera akalendewera kumbuyo kwa tayala, tayala lakutsogolo limapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kuvina. Zingwe za mphira zimafuka ndi dzuwa, choncho ziyesedwe, ndipo nsonga zake zisalendewere pafupi ndi tayala. Nyali yakumbuyo isaphimbike. Chinthu chanzeru chimene ochepa amachita ndicho kumanga katundu yense kutatsala tsiku limodzi, n'kuyenda naye makilomita angapo pa msewu wa kwawo, kukwera chitunda, kugwira buleki mwadzidzidzi. Chimene chiti chimasuke chimasukire pamenepo, pafupi ndi nyumba.

Mapiri a Chiweta ndiwo amayesa zonsezi. Msewu umatsika mokhotakhota kuchokera kumtunda mpaka m'mbali mwa nyanja, ndipo umadutsamo magalimoto akuluakulu onyamula malasha ndi mafuta. Woyendetsa wozimitsa injini kapena kuchotsa giya kuti asunge petulo amasiya ntchito yonse m'manja mwa mabuleki, amene akatentha amaleka kugwira. Potsetsereka njinga ikhale m'giya yaing'ono. Mabuleki, matayala ndi nyali zionedwe ulendo usanayambe, ndipo mpweya wa m'matayala uyesedwe m'mawa uliwonse matayala akadali ozizira. Zida zofunika si zambiri: masipanala a njingayo, pampu, zigamba ndi guluu wake, chubu chapadera, pulagi, babu ndi tochi.

Petulo wapadera amavutitsa. M'malo ena mtunda wa pakati pa malo omwetsera mafuta ndi wautali, ndipo munthu amakakamizika kunyamula. Akatero agwiritse ntchito chigubu chopangidwira mafuta, chotseka bwino, chomangidwa kutali ndi ekizozi. Petulo wa m'botolo la zakumwa ndi ngozi ya pawiri: botolo limafufuma ndi dzuwa, ndipo pa malo ogona mwana wa eni nyumba akhoza kuligugudiza poyesa ndi chakumwa. Kupopa petulo ndi pakamwa kudzera mu paipi ndi chizolowezi choipa, pakuti akalowa m'mapapo ngakhale pang'ono amayambitsa chibayo choopsa.

Kathumba ka mankhwala

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a mphumu kapena a chifuwa chachikulu, apite ku chipatala kutatsala masiku angapo, akanene za ulendo wawo, ndipo atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, chifukwa njinga ikafa ulendo wa sabata umasanduka wa masabata awiri. Mankhwala asungidwe m'kati mwa chikwama, kutali ndi dzuwa ndi injini. Wodwala khunyu, kapena amene maso ake saona bwino patali, ayambe wakambirana ndi dokotala ngati n'koyenera kuti ayendetse konse. Buku la kuchipatala liyende nawo litakulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndipo m'thumba la malaya mukhale kapepala kolembapo dzina, mudzi, matenda amene munthuyo ali nawo ndi nambala ya foni ya mbale wake. Foni ikhoza kusweka pa ngozi, kapena kukhala yokhoma pamene mwini wake sakulankhula.

Zomangira zilonda n'zochepa: mabandeji awiri, nsalu yoyera yochapa bwino, pulasitala, sopo ndi Panado. Chilonda cha phula chitsukidwe ndi madzi abwino ambiri mpaka mchenga wonse utachoka, chiphimbidwe, ndipo mwini wake akaonekere ku chipatala kuti akaone ngati afunika katemera wa kafumbata. Pamene paotchedwa ndi ekizozi pathiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, oyilo kapena dothi zimangoonjezera vuto. Magazi otuluka kwambiri aletsedwe pokanikiza nsalu pa chilondapo mosalekeza. Munthu wogwa amene akudandaula khosi kapena msana asadzutsidwe mwamphamvu, ndipo chisoti chake chisavulidwe pokhapokha ngati akulephera kupuma. Amene wamenyetsa mutu, n'kuyamba kusanza, kusinza, kapena kutuluka magazi ndi madzi m'khutu, apite ku chipatala ngakhale akunena yekha kuti ali bwino. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini, asayamwidwe, ndipo asamangidwe chingwe chothina; mwendo wolumidwawo usagwedezeke, ndipo anthu amunyamule. N'kothandiza kudziwiratu kuti pa njira imeneyi zipatala za boma zili ku Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay, Mzuzu ndi Karonga, ndipo zina zocheperapo zili ku Chintheche ndi ku Chilumba.

Ambiri mwa anthu amene amakhala pa benchi ya chipatala kudikira sikelo sayendetsa njinga. Ndi akazi, amayi ndi alongo a oyendetsa. Komatu nkhaniyi ndi yawo, popeza ndiwo amakazinga mtedza wa kamba, ndiwo amadziwa pamene pali buku la kuchipatala, ndipo ngozi ikachitika ndiwo amakagona pansi m'wodi miyezi iwiri kudikirira wodwala, munda uli wosasosa mvula ili pafupi. Mayi wofunsa kuti, "Bambo a mwana, chisoti chija mwachisiyiranji?" sakuchita mwano, ndiponso sakulosera tsoka monga ena amanenera. Ali ndi ufulu wofunsanso kuti mwamuna wake adzera njira iti, akagona kuti usiku woyamba, ndipo aimba foni nthawi yanji, kuti tsiku likadutsa osamva kanthu abale adziwe koyambira kufunafuna.

Ulendo sutha pa tsiku lofika pakhomo. Malungo amayamba kuonekera patapita masiku 7 kapena kuposerapo chilumidwire, kawirikawiri pakati pa masiku 10 ndi 15, pamene munthu waiwala kale za usiku wa ku dooko. Wobwera ku ulendo akamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya m'mfundo, apite kukayezetsa magazi tsiku lomwelo m'malo mogula mapiritsi pa golosale, ndipo akapezeka ndi malungo amalize mankhwala a LA masiku onse atatu. Kwa dokotala anene kumene adapita, kumene adagona, ngati adasamba m'nyanja, ndiponso ngati adalumidwa ndi kashembe. Zimenezi n'zofunika makamaka pamene magazi aonetsa kuti malungo mulibe koma thupi likutenthabe, kapena pamene pa malo olumidwa patuluka chotupa chowawa, pakuti kaodzera wa kuno amakula msanga ndipo dokotala wa kumtunda sangamuganizire ngati wodwala sadatchule za nkhalango ya ku Nkhotakota.